Mwala woyambira kunolera lumo lometera ndevu: mugule uti, ndipo muukonze bwanji

Funso ili landipeza kokwanira, pa foni ngakhalenso pa benchi pomwe ndimanolera masizasi a matelala ndi mano a makina ometera kuno ku Salima. Wina wapeza lumo lopinda m'sutikesi ya malemu agogo ake, wina wachita kuitanitsa kunja ataona anthu akumeta nalo pa YouTube, koma onse amafunsa chimodzimodzi: "Ndigule mwala uti kuti lumo ili liyambe kudya?" Ndiye ndangoti ndilembe kamodzi, wofunsa mawa ndizingomulozera pano.

Yankho lachidule ndi ili: mwala wa madzi (wonolera ndi madzi, osati mafuta) wa nambala 1000 (nambala yosonyeza kukhakhala kwa mwala), wolimba, wotambalala bwino, komanso wa fulati. Mukangotola yankholi n'kuthamangira kogula mubweranso kudzadandaula, chifukwa pa zinthu zinayizi chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi chomalizacho, ndipo chimenecho sagulitsa m'sitolo. Mumachita kukonza nokha.

1. Yambani mwaona ngati lumo lanulo ndi lonoleka

Pali malumo awiri ofanana maonekedwe. Lina ndi lija anyamata a m'mababashopu amadulira m'mbali mwa tsitsi: limatseguka, amalowetsamo theka la lezala, akatha n'kutaya. Limenelo silifuna mwala uliwonse. Lomwe tikunena pano ndi la chitsulo chimodzi kuyambira kumsana mpaka kukuthwa, lomwe limapindikira m'chigwiriro chake.

Inu ometa anthu, ndikupempheni chinthu chimodzi tisanapitirire. Lumo lonola ndi la munthu mmodzi. Kulipukuta ndi sipiriti sikokwanira kuti muchoke nalo pa chibwano cha kasitomala uyu kupita pa cha wina, chifukwa kachilombo ka HIV ndi ka hepatitis B kamayenda m'magazi, ndipo lumo limacheka ngakhale pomwe diso silikuona. Ku ntchito pitirizani ndi lezala latsopano pa munthu aliyense. Lonolali likhale la ndevu zanu kunyumba.

Tsopano yang'anani zolembedwa pa kachitsulo ka pafupi ndi chigwiriro. Mukaona Solingen, Sheffield kapena Thiers, ndi mizinda ya ku Germany, England ndi France yomwe inatchuka ndi malumo, ndipo chitsulo chake nthawi zambiri chimakhala chabwino ngakhale lumolo litakalamba. A Gold Dollar a ku China ndi otchipa ndipo amathwa, koma ambiri amabwera okhota pang'ono, kotero amadya nthawi pa mwala. Oipa ndi aja a zigwiriro zokongoletsa kwambiri, opanda dzina la fakitale, otchipa modabwitsa: chitsulo chake nthawi zambiri sichinalimbitsidwe bwino pa moto, mumanola lero, likangokhudza ndevu labuntha. Pamenepo vuto si mwala, musataye ndalama.

Onaninso dzimbiri, poti kuno kunyanja chinyontho sichisiya chitsulo. Dzimbiri lofiira la pamwamba limachoka. Timaenje takuda tomwe tafika kukuthwa ndi nkhani ina, chifukwa mukamanola chitsulo chimangoyoyoka pamenepo mpaka mutadya kupitirira timaenjeto. Lumo la mng'alu lisungeni ngati chikumbutso basi.

2. Dziwani chimene mwala woyambawo ukukachita

Mukaliyang'ana lumo pa kuwala muona kamzere kowala, kopapatiza, kotsatira kukuthwa mbali zonse ziwiri. Kamzere kameneko onola amakatchula kuti bevel. Kali ngati denga la malata la mbali ziwiri: mbali iyi ikwere, inayo ikwere, zikakumane pamwamba popanda mpata. Lumo lobuntha ndi lomwe mbali ziwirizo sizikukumananso. Ntchito ya mwala woyamba ndi kudya chitsulo mpaka zikumane, kuyambira kunsonga mpaka chakuchigwiriro. Miyala yosalala yomwe imabwera pambuyo imangofufuta timizere, siingakumanitse zomwe sizinakumane.

Apa ndi pomwe lumo limasiyana ndi mpeni. Mpeni mumaudzutsa msana, dzanja lanu ndi lomwe limasankha kapendekedwe. Lumo limagona chogonera pa mwala, msana ndi kukuthwa zonse zikukhudza nthawi imodzi, ndipo kuchindikala kwa msanawo ndi komwe kumapereka kapendekedwe, pafupifupi madigiri 15 mpaka 18 mukaphatikiza mbali zonse. Tanthauzo lake n'lakuti lumo limatengera maonekedwe a mwala. Mwala ukakhala wolowa pakati, lumo nalonso lituluka lokhota.

3. Matenda a lumo ndiwo amasankha nambala

Pa mwala uliwonse wogula pamalembedwa nambala, yomwe amaitcha grit. Nambala yaying'ono ndi mwala wokhakhala wodya msanga, yaikulu ndi wosalala wodya pang'onopang'ono.

Lumo longobuntha, lopanda pobenthuka, mwala wa 1000 ulikwanira. Lomwe labenthuka moti mukuona ndi maso kapena chikhadabo chikukodwapo, yambani ndi wa 400 mpaka 600, muchotse pobenthukapo, kenako mubwerere pa 1000 kuti mufufute mizere yakuya. Lomwe linkameta bwino mwezi watha koma layamba kukoka ndevu, musalibweretse n'komwe pa 1000. Limenelo likufuna lamba wachikopa kapena mwala wa 8000, ndipo kulibweza pa mwala wokhakhala n'kungolifupikitsira moyo.

Ena amafunsa ngati wa 3000 kapena 4000 ungagwire ntchito ya 1000. Ungathe, ngati lumolo silinabunthe kwambiri ndipo muli ndi mtima woleza. Chovuta n'chakuti munthu akatopa amayamba kukanikiza, ndipo lumo lopyapyala likakanikizidwa limapindika, kukuthwa n'kudzuka pa mwala, inu n'kumadya kumbuyo kwake osadziwa.

4. Musakhulupirire nambala yokhayo

Nambala za miyala ya ku Japan, za sandipepa ndi za miyala ya ku America siziwerengedwa mofanana. Mwala wa 1000 wa ku Japan timchenga take timakhala pafupifupi ma micron 12 mpaka 15 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1000 a milimita). Sandipepa yolembedwa P1000 ili pa ma micron 18, ndiye kuti ndi yokhakhala kuposa mwalawo. Yofanana nawo ndi P1500, pomwe P2000 ili pa ma micron 10. Ngakhale mafakitale a dziko limodzi amasiyana: 1000 ya Shapton imadziwika kuti ndi yokhakhalirapo kuposa 1000 ya Naniwa.

Ndiye pali miyala ija ya mbali ziwiri yotchipa ya pa intaneti, yolembedwa 1000 uku, 6000 uku, yobwera ndi kathabwa ka nsungwi. Mbali ya 1000 imagwirako ntchito, ngakhale imadyeka msanga. Mbali ya 6000 nthawi zambiri siifika pa nambala yolembedwayo. Ngati ndi umene muli nawo, yambani nawo, koma muziuwongola pafupipafupi.

5. Miyala yomwe mungakumane nayo

Ndiyambe ndi womwe uli kale pakhomo panu, chifukwa ndi womwe aliyense amayamba kuulozera. Mwala wa pansi pa mtengo wa mango womwe mumanolerapo chikwanje, nkhwangwa ndi zikwakwa zodulira mpunga, ayi. Ndi wabwino pa ntchito yake, koma ndi wokumbika pakati ndipo timchenga take n'tosiyana misinkhu. Kamchenga kamodzi kakakulu n'kokwanira kubenthula lumo. Chimodzimodzi mwala wotuwa wa mbali ziwiri wa m'mahadiweya a pa Kamuzu Road kapena ku Lilongwe, uja amati carborundum: ngakhale mbali yake yosalala ndi yokhakhala kwambiri pa lumo. Tupa ndi galayindala musaziyandikize n'komwe. Galayindala imatenthetsa chitsulo chopyapyalacho mpaka chimafewa, ndipo chikafewa sichibwereranso.

Pa yogula kunja, itatu iyi ndi yomwe imatchulidwa kwambiri. King 1000, wofiirira ngati njerwa, ndi wotsika mtengo pa yonseyi. Amafuna kuviikidwa m'madzi mphindi 10 mpaka 15 kufikira timathovu titasiya kutuluka, amadya bwino koma ndi wofewa, amalowa pakati msanga. Naniwa 1000 wobiriwira, yemwe ankatchedwa Chosera kenako Professional, ndi wolimba, amadya msanga ndipo mizere yake siikhala yakuya. Onola malumo ambiri amamuika patsogolo pa ntchito imeneyi, ndipo nane ndikuvomereza, kungoti mtengo wake ndi wowawa. Shapton 1000 wa olenji kapena 1500 wa buluu ndi wolimba kwambiri, sachedwa kudya ndipo sakumbika msanga. Naniwa ndi Shapton saviikidwa, mumangowaza madzi pamwamba. Kukhala ine ndi lumo limodzi kapena awiri, ndikanatenga Shapton, chifukwa munthu wongoyamba kumene amaiwala kuwongola mwala ndipo wolimba amamukhululukira. Ngati pali m'bale ku South Africa kapena ku UK woti akutumizireni, muuzeni aukulunge bwino ndi zovala. Miyala imeneyi imasweka ikagundidwa m'buti ya basi.

Mbale za dayimondi, monga DMT ndi Atoma, zimadya mofulumira kwambiri ndipo sizikumbika. Ya 400 kapena 600 ndi yabwino pochotsa pobenthuka komanso powongolera miyala ina. Koma dayimondi imasiya mizere yakuya, ndipo pa chitsulo cholimba imatha kubenthula timalo ting'onoting'ono kukuthwa, kotero pambuyo pake mudzafunabe mwala wa 1000. Timbale totchipa tija ta mabowomabowo tisiyireni mipeni.

Miyala yachilengedwe yonolera malumo ilipo, monga coticule wachikasu wa ku Belgium ndi ya Arkansas ya ku America, koma pa ntchito yoyambayi ndi yochedwa ndipo imafuna dzanja lozolowera. Nanga mwala wosalala womwe mwatola mumtsinje wa Linthipe kapena kuphiri? Sindikuletsani kuyesa, koma musayesere pa lumo. Uwongoleni kaye monga ndikufotokozera m'munsimu, kenako kwechanipo mpeni wakale, muupukute n'kuuyang'ana pa dzuwa. Mizere ikakhala yofanana, yosamveka ndi chikhadabo, mwina mwapeza chinthu. Pakaoneka mizere ina yakuya pakati pa yosalala, ubwezeni kwa mipeni.

Kwa amene thumba silikulola, njira ilipo: sandipepa ya madzi, ija amagwiritsa ntchito openta magalimoto, ya P1000, P1500 ndi P2000, yoyala pa galasi lochindikala. Inyowetseni kuti imamatire popanda makwinya, kapena imateni ndithu. Pa sandipepa muzikoka lumo msana uli patsogolo, apo ayi pepala limatukuka kutsogolo kwa kukuthwa n'kukubunthitsa. Si njira yokhalitsa, koma lumo limodzi imalidzutsa.

6. Kukula kwake

Kukuthwa kwa lumo kumatalika pafupifupi masentimita 7. Mwala wa masentimita 20 m'litali ndi 7 m'lifupi ndi womwe umapereka mtendere. Wopapatiza umagwiranso ntchito ngati mukuyendetsa lumo mopingasa, koma kwa woyamba kumene lumo limapendekera m'mphepete n'kudyeka malo amodzi. Timiyala ta m'thumba ta asodzi n'tatifupi kwambiri.

7. Kuwongola mwala: apa musathamange

Anthu amaganiza kuti mwala watsopano wotuluka m'bokosi ndi wa fulati. Kawirikawiri suli choncho. Umakhala wotukuka pang'ono kapena wolowa pang'ono, ndipo ina imabwera ndi kachikhungu ka pamwamba komwe sikadya bwino. Pa mpeni simungazindikire. Pa lumo muzindikira mutataya kale madzulo onse.

Pezani galasi la mamilimita 6 kapena kuposa, lalikulu kuposa mwalawo. Ocheka magalasi a mawindo amakhala ndi zotsala. Galasi lopyapyala limapindika likakanikizidwa, ndiye liikeni pa tebulo losagwedera. Yalanipo sandipepa ya madzi ya P220 kapena P320, yonyowa. Ngati mwala wanu ndi woviika, uviikeni kaye.

Tengani pensulo mujambule mizere pankhope yonse ya mwala, ina m'litali, ina mopingasa, kufika m'makona. Vundikirani mwalawo pa sandipepa, muuyendetse uku ndi uku komanso mozungulira, manja onse awiri ali pakati, osakanikiza mbali imodzi. Mukayendetsa kanthawi, utembenuzeni kuti kumene kunali kutsogolo kubwere kwa inu, chifukwa dzanja la munthu aliyense lili ndi mbali yomwe limalemera. Dzutsani muone. Pomwe pensulo yafufutika ndi pokwera, pomwe yatsala ndi polowa. Pitirizani mpaka yonse ithe.

Tsopano nali dzenje lomwe ambiri amagweramo. Matope omwe amatuluka pokwechapo amatsuka pensulo ngakhale malo omwe sandipepa sinakhudze. Mwala umaoneka ngati watheka pomwe pakati pakadali polowa. Choncho tsukani mwala ndi sandipepa yomwe, jambulaninso mizere kachiwiri, muyendetse maulendo ochepa okha, asanu kapena asanu ndi limodzi. Mizere yonse ikachoka pamodzi, mwala wawongoka. Ikatsala pakati kapena pakona, bwererani. Mukhoza kutsimikiza ndi rula yachitsulo: iimikeni chammbali pa mwala wouma, m'litali, mopingasa ndi kuchoka kona kupita kona, mukuyang'ana ku kuwala. Kuwala kusadutse pansi.

Mukatha, pendeketsani mwala mukwechepo m'mphepete monse kuti makona akuthwa aphwe pang'ono. Mphepete yakuthwa imakanda lumo likamadutsa mopingasa, ndipo ndi yomwe imayamba kubenthuka.

Kenako tsukani bwino lomwe, mukupukuta ndi chikhatho pansi pa madzi. Timchenga ta sandipepa ya P220 tikatsalira pa mwala wa 1000 tilemba mizere yakuya pa lumo. Pa chifukwa chomwechi samalani madzi anu. Otunga kunyanja kapena pa chitsime amakhala ndi mchenga, ndiye asiyeni adikhe mutenge apamwamba, kapena gwiritsani ntchito a pa mjigo kapena pa mpopi. Nyengo ya mwera, fumbi likamauluka, nolerani m'nyumba.

Wina anena kuti, "Bwanji osangokwecha pa simenti ya pakhonde?" Khonde limaoneka la fulati ndi maso okha, ndipo simenti imasiya mchenga wake mu mwala wofewa. Pa mwala wa chikwanje chitani, pa uwu ayi.

King ndi miyala yotchipa ija muziiwongola musanayambe lumo lililonse, ndipo lumo likakhala louma mutu muwongolenso pakati pa ntchito. Shapton ndi Naniwa amapirira, komabe pensulo izidutsapo kawirikawiri. Sizitenga nthawi mwala ukakhala kuti sunalowe kwambiri.

8. Yesani mwalawo pa lumo, ndipo dziwani poimira

Matani tepi imodzi ya magetsi pa msana wa lumo ngati simukufuna kuti msanawo udyeke. Kwa woyamba kumene ndimalimbikitsa, chifukwa dzanja losazolowera limalemera kumsana. Tepi ikayamba kudyeka isintheni, ndipo mukayamba ndi tepi mumalize nayo pa miyala yonse yotsatira.

Pakani inki ya maka pa bevel mbali zonse ziwiri. Thirani madzi pa mwala, goneketsani lumo, msana uyambe kukhudza, kenako kukuthwa. Kankhani kukuthwa kuli patsogolo, mopingasa pang'ono kuti mbali ya kuchigwiriro iyambe, nsonga imalize. Mukafika kumapeto, tembenuzirani lumo pa msana, osati pa kukuthwa, n'kubwerera. Chitani maulendo atatu kapena anayi mbali iliyonse, muime, muyang'ane.

Inki ikachoka yonse mpaka kumapeto kwenikweni kwa kukuthwa, mwala ndi lumo zikugwirizana, pitirizani. Ikatsala ngati kaulusi kakuda m'mphepete mwenimweni, ndiye kuti simunafike, pakufunika kudya chitsulo chinanso. Ikachoka pakati mbali iyi, koma mbali inayo n'kuchoka kunsonga ndi kuchigwiriro kokha, lumo lanu ndi lokhota, ndipo kusintha mwala sikungathandize. Limenelo mumaliyendetsa mogudubuza pang'ono, kulemera kwa chala kukuyenda kuchokera kuchigwiriro kupita kunsonga pomwe lumo likudutsa. Kamera ya foni, mukaikulitsa pa kuwala kwabwino, imaonetsa zambiri zomwe diso likuphonya.

Yang'aninso madzi. Lumo likamakhudza bwino limakankha kafunde ka madzi kutsogolo kwake, ndipo likayamba kuthwa madziwo amakwera pamwamba pa chitsulo. Pomwe madzi akudutsa pansi, pamenepo sipakukhudza.

Poyamba kanikizani pang'ono chabe, ndi chala chimodzi. Mukamayandikira kumapeto chepetsani mpaka lumo lizingoyenda ndi kulemera kwake. Matope akachuluka pa mwala wofewa atsukeni, chifukwa amagunda kukuthwa n'kumakubunthitsa pomwe inu mukunola, ndipo maulendo omaliza akhale pa madzi oyera.

Mudziwa bwanji kuti mbali ziwiri zija zakumana? Lozetsani kukuthwa m'mwamba pansi pa tochi, muyang'ane molunjika. Pomwe pakunyezimira ndi pobuntha, chifukwa pakuthwa penipeni palibe malo obwezera kuwala. Kenako yesani pa ubweya wa pa mkono, lumo litagona pakhungu, mosakanikiza: liyenera kumeta kunsonga, pakati ndi kuchigwiriro, malo onse atatu. Ambiri amayesa pakati pokha, n'kusangalala, n'kusamukira pa mwala wosalala, pomwe kuchigwiriro sikunathwe. Amene alibe ubweya pa mikono, ndipo tilipo ambiri, atenge tomato wakupsa: mbali iliyonse ya lumo ilowe pakhungu lake mongokhudza, osachita kucheka uku ndi uku. Mukatero tsukani lumo msanga n'kulipukuta, madzi a tomato amadyetsa dzimbiri.

Theka la ola likatha inki ikadali m'mphepete, musawonjezere mphamvu. Bwererani ku pensulo muone ngati mwala sunalowe. Ngati uli bwino, tsikirani pa 600.

9. Zotsatira, ndi kasungidwe

Lumo lochoka pa 1000 limameta mkono koma kumaso lingakupweteni. Likufunika kudutsa pa mwala wa pakati pa 3000 ndi 5000, kenako wa 8000, n'kumalizira pa lamba wachikopa, pomwe limayenda msana uli patsogolo. Mukameta nalo koyamba mutangolinola n'kumva likukoka ndevu mbali imodzi, musalimbane ndi wa 8000, bwererani pa 1000 ndi maka uja.

Mwala wa madzi usalawe mafuta, ngakhale a makina osokera, chifukwa amatseka timabowo take ndipo satulukanso. Naniwa ndi Shapton musawasiye m'ndowa, amafewa kapena kuchita ming'alu. Mukatha ntchito tsukani, pukutani ndi nsalu, muuimike chammbali pamthunzi m'nyumba kuti uume pang'onopang'ono masiku awiri kapena atatu musanaubweze m'bokosi. Dzuwa la Okutobala la kuno likauumitsa mwadzidzidzi umang'aluka pankhope. Lumo nalo lipukuteni liume, makamaka polumikizira chigwiriro pomwe madzi amabisala, mulipake kadontho ka mafuta musanalipinde.